A Lameki ndi Manda a Matenanti

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, a Stelia ankatuluka pakhonde n'kukweza dzanja kudenga. Pa phaso lina pafupi ndi chitseko panali tsamba limodzi la fodya wa bale, lomangidwa ndi luzi. Ankalikhudza ndi nsonga za zala, mmene munthu amakhudzira liwombo la khanda. Likakhala lofewa ndi mame ankati, "Lero n'logwira." Likakhala louma gwa, ankabweza dzanja msanga, kuopa kulifumbutula.

Chizolowezichi chinali cha amuna awo, a Lameki. Fodya wa bale akauma m'chigafa sagwiridwa dzuwa litakwera, chifukwa amangothetheka m'manja. Amagwiridwa m'mamawa chinyezi chitamufewetsa. A Lameki sankafuna kuyenda ulendo wa kuchigafa pachabe, n'chifukwa chake chaka chilichonse ankakoloweka tsamba limodzi pakhonde kuti liziwauza za tsikulo. Tsamba ili analikoloweka mu Febuluwale. Mwezi wotsatira chifuwa chinawagoneka, ndipo sanadzukenso.

A Lameki ndi a Stelia anachokera ku Phalombe, kunsi kwa phiri la Michesi. Anabwera ku Mchinji pa lole yodzaza anthu, mphasa ndi nkhuku, nthawi imene maesiteti a fodya ankatsegulidwa kuseri kwa Mkanda. Anali atangokwatirana kumene. A Lameki anauza apongozi awo kuti akupita kukalima chaka chimodzi, apeze za malata, abwerere. Chaka chitatha anati, "Chaka chamawa." Chinacho chitatha anateronso. Matenanti anzawo ankabwera n'kumapita, ena a ku Dedza, ena a ku Rumphi, ena a ku Ntcheu, koma iwo anakhala mpaka imvi zinawapezera pomwepo. Ndale zitasintha, alimi a m'midzi ataloledwa kulima bale m'minda yawo, esitetiyo inayamba kufota. Zigafa zina zinagwa, nyumba zina za matenanti zinasanduka mabwinja omera bonongwe. A Lameki anali pomwepo, akusoka fodya, akusankha, akumanga ndindi, akunenabe kuti chaka chamawa.

Mawu amenewa a Stelia anadana nawo kwa zaka zambiri. Ankalakalaka kwawo. Ankalakalaka kudzuka n'kuona phiri litavala mtambo, ankalakalaka nandolo wamuwisi ndi kalongonda, ndiponso kumva anthu akulankhula Chilomwe pachitsime popanda wina kutembenuka. Mayi awo anamwalira iwo ali kuno, ndipo uthenga unafika maliro ataikidwa kale. Tsiku limenelo anaphika osathira mchere, n'kuwauza amuna awo kuti, "Mchere ndithira chaka chamawa." A Lameki anadya mpaka kumaliza.

Chimene chinkawagwira a Lameki sanachinenepo ndi pakamwa. Mwana wawo woyamba, Malita, anamwalira ndi chikuku atangoyamba kuyenda. Manda a m'mudzi woyandikana anali ndi eni ake ndi miyambo yake, mlendo sankalowamo. Choncho a esiteti anapereka kangodya ka tchire kumapeto kwa munda, ndipo Malita ndiye anali woyamba kugona mmenemo. Pambuyo pake panatsatira ena. Tenanti akaferedwa ankaika m'bale wakeyo, ankalira, fodya akagulitsidwa n'kukwera lole. Amene ankabwera m'nyumba yake sankadziwa kuti kutchire kuja kwagona yani. Manda amenewo analibe mwini.

A Lameki anayamba ndi kulambula pa mtumbira wa mwana wawo. Kenaka anaona kuti moto wa osaka mbewa sungasankhe mtumbira, ndiye anayamba kulambula kuzungulira manda onse, chaka ndi chaka, udzu ukangouma. Pamutu pa mtumbira uliwonse ankabzala nkhadze. Palibe anawatuma, ndipo ena ankawaseka kuti mkuluyu ali ndi minda iwiri, wina wosakolola.

Ntchito imeneyi ankaigwira akulankhula. A Stelia ankawapititsira thobwa, koma sankalowa. Kwawo anakula akudziwa kuti mkazi sayendayenda m'manda popanda maliro. Ankakhala pa chulu chimene chinali m'mphepete, atafulatira pang'ono, n'kumasenda mtedza kapena kuluka nkhata. Ali pamenepo ankamva mawu a amuna awo akuyenda m'tchiremo.

"Mwawuka uli, a Gondwe? Chitumbuka changa n'chomwecho, musandiseke. Mvula chaka chino inatinamiza, mukanakhalapo mukanatukwana."

Khasu linkalira kangapo, kenaka mawu aja ankamvekera pena.

"ANasibeko, nyimbo ija munaisiyira pakati. Mpaka lero palibe akudziwa mathero ake."

Ankatero ndi aliyense, wina kumuuza mtengo wa feteleza, wina kumunyogodola za njinga yake yopanda mabuleki. Pamalo amodzi pokha ndi pamene mawu ankaleka, n'kumangomveka khasu. A Stelia ankadziwa kuti afika pa Malita, ndipo nawonso manja ankaima.

Tsopano a Lameki anali atagona pafupi ndi mwana wawo, ndipo nyumba ya tenanti imayenda ndi ntchito ya tenanti. Kapitawo anali munthu wachifundo, anawalola a Stelia kukhala mpaka fodya atagulitsidwa, koma banja latsopano linali litalonjezedwa kale nyumbayo. Mu Ogasiti mlongo wawo wamng'ono, a Enoki, anafika kuchokera ku Phalombe kudzawatenga. Anagwirizana ndi a Mwamadi, mwini golosale wa pa Mkanda, kuti lole yawo yopita ku Lilongwe idzaime pamphambano Lachisanu m'mawa.

Lachinayi a Enoki anaimirira pakhomo n'kuyang'ana katundu: mitolo iwiri, ndowa, mtondo ndi makasu.

"Achemwali, zaka zonse zija, katundu ndi yemweyu?"

"Mumafuna ndinyamule chigafa?"

"Mtondowu usiyeni. Kwathu mitondo iliko. Dziko lanji ili, lopanda ngakhale phiri loti munthu n'kuloza?"

"Mapiri aliko, achimwene. Suzumirani uko."

"Icho? Kwathu timati chulu chimenecho."

A Stelia anaseka, ndipo kusekako kunawadabwitsa. Mtima wawo unali utapita kale, unali pa khonde la mayi awo, ukuyang'ana Michesi. Anali atadikira tsiku limeneli kuyambira ali mtsikana.

Dzuwa litapendeka pang'ono, panja panamveka odi. Anali a Felista, mnzawo wa m'mudzi woyandikana uja, amene ankagulitsa naye mandasi pamsika. Kumbuyo kwawo kunali mayi wachitsikana, mwana ali kumsana, mapazi ali mbuu ndi fumbi.

"Amake Malita, ndakubweretserani mlendo," anatero a Felista. "Wakhala akufunsa za a Lameki kuyambira kumsika."

Mlendoyo anagwada n'kupereka moni. Anati dzina lake ndi Rhoda, wachokera kutsidya kwa malire, mbali ya Chipata, kumene anakwatiwa. Makolo ake anali matenanti pa esiteti yomweyi. Mayi ake anamwalira chaka cha chisankho choyamba cha zipani zambiri chija, iye ali wamng'ono, ndipo bambo ake anawoloka nawo ana kukafuna ntchito ku Zambia. Bambowo asanamwalire anamuuza kuti akadzafuna manda a mayi ake, adzafunse a Lameki a ku Phalombe.

"Amuna anga alola kugula simenti, tikufuna timange chiliza," anatero Rhoda. "Koma ndikufuna ndione kaye malo. A Lamekiwo ali kumunda?"

A Felista anayang'ana pansi. A Stelia ndiwo anayankha.

"Mwachedwa ndi miyezi yochepa, mwanawe. Anawatsatira amayi anu. Amayi anuwo anali ndani?"

"ANasibeko, a ku Ntcheu."

A Stelia anamuyang'anitsitsa. Mphumi inali yomweyo, ndi kampata ka mano komwe.

"Ndiwe kamwana kaja kankagona m'dengu la fodya? Iii, Rhoda! Amayi ako ankaimba posoka fodya mpaka kapitawo kuiwala chimene wabwerera. Dzuka, tiye ndikakusonyeze."

Ananena mosakayika, poti pamaliropo analipo. Anapita onse anayi. Koma atafika, a Stelia anaima. Chaka chino palibe analambula. Udzu unali wofika m'chiuno, wouma, ukuwayawaya ndi mphepo. Anapempha pepani kwa ogona, n'kulowa mwaulemu. Pa Malita ndi pa a Lameki anapadziwa. Kwinako nkhadze zinali zofanana zonse, mitumbira itaphwa, ndipo mitengo imene inali tizitsamba nthawi ya maliro aja inali itakula n'kusintha malo onse. Analoza pena, n'kubweza dzanja. Anapita pena, n'kubwerera. Rhoda ankawatsatira pambuyo.

"Achemwali, musamulozere mwanayu manda a mwini," anatero a Enoki motsitsa mawu. "Angamange chiliza pa munthu wa ku Rumphi."

A Stelia anatuluka, n'kukakhala pa chulu chawo chija. Anafulatira pang'ono monga ankachitira. Atangokhala, china chake chinawabwerera. Manda amenewa iwo sankawadziwa ndi maso. Ankawadziwa ndi makutu.

"Achimwene," anaitana. "Lowaninso. Muyambire pa mtengo wa mthethe uwo, muziyenda pang'onopang'ono, muzilankhula."

"Ndizilankhula ndi yani?"

"Ndi eni ake. Muziwapatsa moni."

"Anthu osawadziwa?"

"Nanga iwo akukudziwani? Mlendo ndiye amayamba odi."

A Enoki anayang'ana a Felista ngati wofuna womulanditsa. A Felista anangoti, "Pitani, bambo. Saluma." Mkuluyo anavula chipewa, n'kulowa mu udzu muja akung'ung'udza.

"Odi, odi kuno eni mudzi. Ndine Enoki, mlamu wake wa Lameki. Sindikhalitsa, musavutike n'kuyala mphasa."

A Stelia anatsinzina. Mawuwo anachokera kumanzere, pafupi.

"Pamenepo ndi pa a Gondwe. Pitirirani."

"A Gondwe, pepani ndakupondani pakhonde. Kaya kumeneko mvula ikugwa bwanji, kuno ndiye fumbi lokhalokha."

Mawu anasuntha. A Stelia anatchula wina, kenaka wina, mayina akungobwera okha, lililonse ndi nthabwala yake imene a Lameki ankanena. A Enoki nawo anazolowera, anayamba kucheza ndithu, kuwafotokozera ogonawo za ulendo wa pa basi ndi za mwendo wawo wa nyamakazi. Ndipo pamene ankalowa mkati, mawu awo anayamba kusintha m'makutu a mlongo wawo. Kalankhulidwe kanali ka kwawo, kokoka mawu kumapeto, kofanana ndi ka munthu amene anamva mawu ake kuchokera m'tchire lomweli kwa zaka zonse zija. Panangosowa kulira kwa khasu.

Manda a aNasibeko anali pa kachigwa, ndipo munthu akalankhulira pamenepo mawu ankamveka ngati akuchokera mu mtsuko. A Enoki atafika pamenepo, a Stelia anadziwa nthawi yomweyo. Koma sananene. Anawasiya apitirire, alankhulebe, afike mpaka kumapeto. Anakhala chotsinzina, manja ali pa maondo, misozi ikutsikira m'makwinya. A Felista anaona, koma anayang'ana kumbali n'kumasewera ndi mwana wa Rhoda.

"Achemwali, manda atha! Kutsogoloku ndi munda wa eni. Kapena ndiwapatsenso moni mapesi?"

A Stelia anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Bwererani m'mbuyo. Tsikirani pamene patsika. Lankhulani."

"Ndanena zonse, zandithera."

"Nenani kuti, nyimbo ija munaisiyira pakati."

Kenaka mawu anabwera, ochokera mu mtsuko, opanda nthabwala tsopano.

"Mayi, akuti nyimbo ija munaisiyira pakati."

"Pamenepo," anatero a Stelia. "Rhoda, pita. Amayi ako ali pamene aima amalume akowo."

Rhoda anapita. Anagwada n'kuyamba kuzula udzu ndi manja. Patsinde pa nkhadze anapeza mbale yachitsulo itakwiririka theka, yodyeka ndi dzimbiri, koma m'mphepete mukuonekabe timaluwa tobiriwira. Anabwera nayo kuchulu.

"Amayi, ine sindikuikumbuka mbale imeneyi."

"Ine ndikuikumbuka. Ndinabwerekapo kangapo alendo akandichulukira. Kaibwezere pomwe waipeza."

Rhoda anakhala kumeneko nthawi yaitali. Sanalire mokweza. Anatenga mwana kwa a Felista, n'kukamukhazika pafupi ndi nkhadze ija, n'kumalankhula zinthu zimene ena sanamve. Pomaliza anaunjika miyala itatu kuti adzapazindikire pobwera ndi simenti.

Pobwerera, Rhoda anayenda pambali pa a Stelia.

"Kwathu kuja kuli mayi wina, timapemphera limodzi. Bambo ake akuti anagonanso kuno. Anataya mtima kalekale. Ndikamuuza kuti wodziwa alipo."

A Enoki ndiwo anati, "Mwana wanga, wachita mwayi. Mawa m'mawa tikunyamuka. Ukanabwera Loweruka ukanapeza anthu ena m'nyumbamo."

Rhoda anangoti, "Oo," n'kukonza mwana kumsana.

Chakumadzulo, kutsidya kwa dambo, utsi unali kukwera. Osaka mbewa anali atayamba kutentha. A Stelia anauyang'ana utsiwo, n'kutembenukira ku udzu wouma umene anachokamo. Nkhadze ikapsa imafota, ndipo mvula ikabwera mitumbira yophwa kale ija imangosanduka tchire. Chulu chidzatsala, koma wokhalapo sadzakhalapo.

Rhoda anakagona kwa a Felista. Asananyamuke, a Felista anawakokera anzawo kuseri kwa nyumba, ngati akukawasonyeza nkhuku.

"Amake Malita, ine sindikukuletsani. Kwanu n'kwanu. Ndikungonena kuti kanyumba kaja ankagonamo mwana wanga kali chabe. Mukulowa mbuzi."

"Mukufuna ndikagone ndi mbuzi?"

"Mbuzi tizitulutsa. Kapena inu mukakana, tizisiya."

Anaseka onse awiri, koma mwachidule. A Stelia anati, "Kumene akandiitane kuti Amake Malita n'kuti? Ku Phalombe palibe anamuonapo Malita."

A Felista anawagwira dzanja, n'kupita.

Madzulo amenewo a Enoki anafotokoza za kumudzi, amene anamwalira, amene anabereka, mtengo wa mango wa mayi awo umene ukubalabe. A Stelia anamvetsera zonse ndi njala. Anafunsa ngati mtambo umakhalabe pa Michesi m'mawa. A Enoki anati umakhala, upita kuti.

Kutacha, a Stelia anatuluka pakhonde n'kukweza dzanja. Usiku kunagwa mame ochepa, ndipo tsamba lija linali lofewa ngati nsalu yakale.

"Lero n'logwira," anatero.

Anamasula luzi mosamala, natsitsa tsambalo, nalikulunga m'kansalu lisanaume. A Enoki anali atatulutsa kale mitolo panja, chipewa chili kumutu. Kutali, kumphambano, kunamveka hutala ya lole ya a Mwamadi.

"Tiyeni, achemwali. Mwamadi sadikira."

A Stelia anasenza mtolo umodzi, kansalu kaja anakalowetsa pachifuwa, n'kutola khasu la a Lameki limene linatsamira khoma.

"Khasulo lisiyeni, ndanena kuti kwathu aliko."

"Achimwene, moto uja ufika kumanda sabata isanathe. Ndiyenera kulambula."

A Enoki anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Ndiye ndikawauze chiyani kumudzi? Akonza kale nyumba. Azichemwali anu azira ndi pansi pomwe."

A Stelia anayang'ana kum'mwera, kumene kunalibe phiri lililonse, kunali minda yokha yopanda kanthu ndi zigafa zakugwa. Mawu amene anadana nawo moyo wawo wonse anali pakamwa, ndipo ena oti anene m'malo mwake panalibe.

"Mukawauze kuti chaka chamawa."

Hutala inaliranso. A Enoki anapukusa mutu, natola kachikwama kawo. Atayenda pang'ono anatembenuka.

"Mukawapatse moni a Gondwe. Muwauze kuti mwendo uja ukupwetekabe."

A Stelia anaima mpaka mlongo wawo atabisika ndi mitengo ya bulugama. Atatero anatsika njira ya kumudzi. Anatula mtolo pakhomo pa kanyumba ka mbuzi kaja, nakoloweka tsamba pa phaso la pakhonde likadali lofewa. Kenaka anapita kumanda, nayambira pa mtengo wa mthethe. Khasu linalira kangapo. Anakonza kukhosi, mwamanyazi ngati mtsikana wolowa m'nyumba ya eni.

"Mwawuka uli, a Gondwe? Ndine amake Malita. A Lameki muli nawo komweko, ndiye chaka chino mupirire ndi ine."